Kasankhidwe ka Pulogalamu Yosungira Kaundula wa Bungwe Lothandiza Anthu

M'wodi iliyonse ya boma lino muli mabungwe ogwira ntchito zachifundo. Ena amasamalira ana amasiye ndi okalamba, ena amaphika phala m'sukulu za mkombaphala, ena amalipirira fizi atsikana a kusekondale, ndipo ena amayendera odwala m'makomo. Ntchito zawo n'zosiyana, koma onsewa ali ndi chuma chimodzi chofanana, chomwe ndi mndandanda wa maina. Mumndandandamo muli olandira thandizo, anthu akufuna kwabwino amene amapereka ndalama kapena katundu, ogwira ntchito mongodzipereka, komanso mafumu ndi makomiti amene bungwe limagwira nawo ntchito.

Nthawi zambiri mainawa amakhala omwazikana. Ena ali m'buku la chikuto cholimba mu ofesi, ena m'kompyuta ya mlembi pa Excel, ena m'foni ya wapampando, ndipo ena ali m'mutu mwa munthu mmodzi amene wakhalitsa pabungwepo. Zotsatira zake anthu a m'midzi amazidziwa bwino. Banja lina limalandira kawiri pamene lina ladumphidwa. Mwana amene analipiriridwa teremu yoyamba amabwezedwa kusukulu teremu yachiwiri chifukwa palibe amene anakumbukira. Wopereka thandizo amene sanathokozedwe, kapena sanauzidwe mmene ndalama zake zinagwirira ntchito, amangosiya mwakachetechete. Mlembi akasamuka kapena foni ikabedwa, mbiri ya zaka zambiri imapita nayo limodzi.

Pofuna kuthana ndi mavutowa, mabungwe ayamba kulingalira zosunga kaundula wawo m'pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa CRM. Popeza ndalama n'zochepa, maso awo ali pa mapulogalamu a open source, amene salipiritsa layisensi. Nkhaniyi si ya akatswiri a makompyuta okha ayi. Maina okalowa m'mapulogalamuwo ndi a anthu a m'mawodi muno, ndipo amene amavomereza chisankhocho m'makomiti a mabungwe ndi anthu omwewa.

CRM n'chiyani?

CRM ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za kasamalidwe ka ubale ndi makasitomala. Mapulogalamu amtunduwu anayambira m'makampani a zamalonda, amene ankafuna kukumbukira yemwe anagula katundu, zimene analonjezedwa, ndi tsiku loyenera kumuimbiranso foni. Bungwe lachifundo siligulitsa kanthu, komabe nalo limakhalira maubale, ndipo ubale umafa pamene mbali imodzi yayamba kuiwala.

Kusiyana kwa CRM ndi mndandanda wa pa Excel kuli pa kamangidwe kake. Pa Excel dzina limakhala pamzere, ndipo ntchito iliyonse imafuna mndandanda wakewake, moti munthu mmodzi amapezeka m'mindandanda isanu yosagwirizana. Mu CRM munthu aliyense ali ndi tsamba limodzi lokha, ndipo chilichonse chomukhudza chimalembedwa pansi pa dzina lake: tsiku limene anayenderedwa, ufa umene analandira, fizi imene inalipiridwa, kapena ndalama zimene anapereka. Tsambalo limalumikizidwa ndi la banja lake, mudzi wake ndi sukulu yake. Ogwira ntchito angapo angathe kuligwiritsa ntchito nthawi imodzi, aliyense ndi pasiwedi yake, ndipo pulogalamu ingakonzedwe kuti izisonyeza amene wasintha chinthu ndi tsiku limene wasinthira.

Phindu lina lili pa malipoti. Mabungwe amayenera kufotokoza ntchito zawo ku khonsolo, ku komiti ya DEC, kwa opereka thandizo, ndipo omwe analembetsa ngati mabungwe omwe si aboma amapereka lipoti chaka ndi chaka ku NGORA, motsatira lamulo lawo lomwe linakonzedwanso mu 2022. Kaundula wosamalidwa bwino amatulutsa m'mphindi zochepa chiwerengero chimene chikanatenga sabata kuchiwonkhetsa pamanja.

Anthu asasokoneze kaundula wa bungwe ndi UBR, kaundula wa boma wa mabanja amene amathandiza posankha opindula pa ndondomeko monga Mtukula Pakhomo. Kulembedwa m'kompyuta ya bungwe lachifundo sikutanthauza kuti munthu walowa m'ndondomeko za boma.

Tanthauzo la open source

Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta imayendera malangizo olembedwa ndi amene anaipanga, otchedwa source code. Makampani ambiri amabisa malangizowa, ndipo wogwiritsa ntchito amangogula chilolezo. Zikufanana ndi nyumba ya lendi: wokhalamo sangagumule khoma kapena kuwonjezera chipinda, ndipo mwini nyumba akakweza lendi, pamakhala kulipira kapena kutuluka. Pulogalamu ya open source, imene m'Chichewa ingatchedwe yotseguka, ili ngati pulani ya nyumba yoperekedwa kwa aliyense. Woifuna amamanga yekha pamalo pake, amaisintha mmene afunira, ndipo angagawireko anzake.

Ganizoli linakula m'zaka za m'ma 1980. Mu 1985 Richard Stallman anakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation ku America, lolimbikitsa maufulu anayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu pa cholinga chilichonse, kuiphunzira ndi kuisintha, kuigawa, ndi kugawa zimene munthu wasintha. Dzina loti open source linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1998. Maufuluwa amatetezedwa ndi malayisensi monga GPL ndi AGPL.

Mapulogalamu otere si achilendo m'Malawi. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za m'zipatala kudzera pa DHIS2, pulogalamu yotseguka imene chitukuko chake chimatsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likusunga mbiri ya odwala pa OpenMRS, yomwenso ndi yotseguka.

Kwa bungwe lachifundo, ubwino wake waukulu uli patatu. Choyamba, palibe malipiro a pamutu pa wogwiritsa ntchito aliyense, choncho kuwonjezera ongodzipereka khumi sikukweza mtengo wa layisensi. Chachiwiri, kaundula yense amakhala m'manja mwa bungwe, ndipo likakhumudwa ndi katswiri kapena kampani yolisungira, lingathe kumunyamula n'kupita naye kwina. Chachitatu, pulogalamuyo siifa chifukwa choti kampani imodzi yasintha maganizo, pakuti ena angathe kutenga source code n'kupitiriza ntchito.

Walira mvula walira matope

Apa ndi pamene makomiti ambiri amapunthwa. Akamva kuti pulogalamu ndi yaulere, amaganiza kuti palibe cholipira chilichonse. Chaulere ndi layisensi yokha. Wolandira pulani ya nyumba amafunabe malo, njerwa, mmisiri ndi malata, ndipo denga likadontha palibe mwini nyumba womuitana.

Mtengo woyamba ndi wa seva, kompyuta imene pulogalamu ndi kaundula zimakhalamo. Bungwe lingabwereke malo pa seva ya kampani kudzera pa intaneti, n'kumalipira mwezi uliwonse. Makampani ambiri otere ndi akunja ndipo amalipiritsa m'madola. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Ndiye kuti bilu ya madola 20 pamwezi inachoka pa K23,600 kufika pa K34,000 tsiku limodzi, popanda chilichonse chowonjezeka pa ntchito yake. Palinso vuto lopeza ndalama zakunja zolipirira biluyo pa nthawi yake. Njira ina ndi kuika seva mu ofesi momwemo. Imeneyi imachepetsa kudalira intaneti kwa ogwira ntchito a mu ofesi, koma imafuna magetsi odalirika kapena sola ndi mabatire, chitetezo ku akuba ndi mphezi, komanso munthu woisamalira.

Mtengo wachiwiri, umene kawirikawiri umaposa ina yonse, ndi wa katswiri. Pamafunika munthu woika pulogalamuyo, kuikonza kuti igwirizane ndi ntchito ya bungwe, ndi kuiwonjezera zokonza zimene eni ake amatulutsa kangapo pachaka. Zokonzazi zimatseka mipata imene akuba a pa intaneti angalowerepo. Pulogalamu yosiyidwa zaka ziwiri osakonzedwa ili ngati nkhokwe yopanda chitseko.

Mitengo ina ndi ya maphunziro a ogwira ntchito, amene amabwerezedwa nthawi iliyonse pakabwera munthu watsopano. Ya intaneti, makompyuta ndi mafoni. Ya nthawi yokonza ndi kusamutsa maina akale. Ndi ya malo osungirako makope a kaundula.

Komiti yanzeru imawonkhetsa zonsezi kwa zaka zitatu, osati chaka chimodzi, kenaka n'kufunsa kuti ndalamazo zidzachokera kuti pulojekiti ya lero ikadzatha. Zimene zinachitika mu 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lambiri lodzera ku USAID, zinakumbutsa mabungwe kuti thandizo lakunja lingaduke mosayembekezeka. Kaundula amene moyo wake wonse watsamira pa wopereka thandizo mmodzi amazimira limodzi ndi thandizolo.

Ndi bwinonso kuyerekeza ndi mapulogalamu osatseguka. Mwachitsanzo, kampani ya Salesforce imapereka malayisensi khumi aulere kwa mabungwe achifundo amene akwaniritsa zofunika zake, ndipo seva imaisamalira yokha. Koma opitirira khumiwo amalipiridwa m'madola, kukonza pulogalamuyo kumafunanso katswiri, ndipo malamulo a mphatsoyo amaikidwa ndi kampaniyo. Njira zonse ziwiri zili ndi mtengo. Kusiyana kwake n'kwakuti ndalama zikupita kwa yani, ndipo makiyi akusunga ndani.

Mapulogalamu odziwika bwino

CiviCRM inatuluka koyamba mu 2005, ndipo inapangidwira mabungwe osachita malonda kuyambira pachiyambi. Imazindikira mitundu itatu ya olembedwa: munthu payekha, banja, ndi bungwe, zomwe zikugwirizana ndi mmene thandizo limagawidwira m'midzi, kumene nthawi zambiri wolandira amakhala khomo osati munthu mmodzi. Ili ndi zigawo zolembera zopereka, umembala, misonkhano, makalata a imelo, ndi chigawo cha CiviCase chotsatira nkhani ya munthu mmodzi kuyambira tsiku limene anafika mpaka itatsekedwa. Bungwe la Wikimedia Foundation, losamalira Wikipedia, limaigwiritsa ntchito posunga mbiri ya zopereka. Kwa zaka zambiri yakhala ikuikidwa pamodzi ndi mapulogalamu a mawebusayiti monga WordPress, Drupal kapena Joomla. Kulemera kwake n'kwakuti ili ndi zambiri, moti kuikonza koyamba kumafuna munthu woidziwa.

SuiteCRM inatulutsidwa mu 2013 ndi kampani ya SalesAgility ya ku Scotland. Inaphuka kuchokera ku SugarCRM, imene eni ake pambuyo pake anasiya kutulutsa mtundu wake wotseguka. Mbiri imeneyi ndi umboni wa ufulu wopitiriza ntchito imene ena aisiya. Ndi pulogalamu yamphamvu, koma inamangidwira zamalonda, choncho mawu ndi masamba ake amanena za makasitomala ndi zogulitsa, ndipo bungwe lachifundo liyenera kusintha zambiri.

EspoCRM ndi yopepuka, yosavuta kuphunzira, ndipo imalola kupanga masamba atsopano, monga la mwana wolipiriridwa fizi, popanda kulemba source code. Komabe zigawo zina, kuphatikizapo chopangira malipoti apamwamba, zimagulitsidwa padera.

Odoo ya ku Belgium ndi ERPNext ya ku India ndi mapulogalamu oyendetsera ntchito zonse za kampani, ndipo CRM ndi chigawo chimodzi chabe. Amathandiza bungwe lokhala ndi nyumba yosungiramo katundu, antchito olipidwa ndi mabuku a ndalama ofuna kulumikizana. Odoo ili ndi mitundu iwiri: Community, wotseguka, ndi Enterprise, wolipira, ndipo zinthu zina zimene munthu amaziona posatsa malonda zimapezeka mu wolipirawo mokha. ERPNext, yopangidwa ndi kampani ya Frappe ya ku Mumbai, ndi yotseguka yonse. Kwa bungwe laling'ono la m'mudzi, awiriwa angakhale katundu wolemera kuposa ulendo.

Phunziro lochokera pa EspoCRM ndi Odoo n'lakuti dzina loti open source palokha silokwanira. Komiti ifunse mwachindunji kuti mwa zinthu zimene bungwe likufuna, ziti zili m'gawo laulere ndipo ziti n'zogula.

Mafunso ochokera m'dera lenilenilo

Ambiri mwa mapulogalamuwa anapangidwira kumaiko kumene magetsi ndi intaneti sizisowa kawirikawiri, ndipo anthu ambiri ali ndi nambala ya nyumba ndi imelo. Choncho ayenera kuyesedwa ndi mafunso a kumudzi kuno. Safunsa anadya phula.

Funso loyamba ndi la netiweki. Ma CRM amenewa amagwira ntchito pokhapokha foni kapena kompyuta italumikizana ndi seva. Wongodzipereka amene ali kumudzi kopanda netiweki sangalembe kanthu. Mabungwe ambiri amathetsa vutoli pogwiritsa ntchito KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu otsegukanso, amene amalola kudzaza fomu pa foni ya Android popanda intaneti n'kuitumiza netiweki ikapezeka. Mafunso a pafomu angalembedwe m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena chinenero china. Komiti ione ndi maso ake mmene zolembedwazo zidzalowere mu CRM, pakuti pamenepo ndi pamene zambiri zimatayikira.

Funso lachiwiri ndi la malo okhala. Pulogalamu imabwera ndi mipata ya msewu, mzinda ndi nambala ya positi. Kumudzi munthu amapezeka ndi mudzi, gulupu, mfumu yaikulu ndi wodi. Mipata imeneyi iwonjezedwe, ndipo maina a midzi azisankhidwa pamndandanda wokonzeratu osati kulembedwa pamanja, kuopa kuti mudzi umodzi ungakhale ndi kalembedwe kanayi n'kusokoneza malipoti.

Funso lachitatu ndi la maina ofanana. M'mudzi umodzi mungapezeke anthu angapo a dzina limodzi ndi mfunda umodzi, monga Banda kapena Phiri, pamene munthu mmodzi angalembedwe Malita lero ndi Marita mawa. Nambala ya foni siithandiza kwenikweni, chifukwa foni imodzi imatumikira khomo lonse ndipo manambala amasinthasintha. Chiphaso cha unzika, chimene bungwe la NRB linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2017, chimasiyanitsa bwino akuluakulu, koma chimaperekedwa kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo. Bungwe lothandiza ana lipereke nambala yakeyake kwa mwana aliyense ndi khomo lililonse. Pulogalamu yabwino imakhala ndi njira yofufuzira olembedwa kawiri, koma woweruza kuti awiriwa ndi munthu mmodzi akhale wodziwa mudziwo.

Funso lachinayi ndi la ndalama. Njira zolandirira zopereka m'mapulogalamuwa zinakonzedwera makadi a kubanki ndi makampani monga PayPal. Airtel Money ndi TNM Mpamba sizibwera zolumikizidwa kale. Bungwe lisankhe pakati pa kulipira katswiri kuti azilumikize ndi kumalowetsa lokha mndandanda wa zolandira sabata iliyonse. Kwa mabungwe ang'onoang'ono njira yachiwiriyi ndi yokwanira. Lionenso ngati pulogalamu imalemba kwacha ndi ndalama zakunja mosasakaniza.

Funso lachisanu ndi la thandizo. Kodi m'dziko muno muli anthu angati odziwa pulogalamuyo? Ngati woidziwa ndi mmodzi yekha, bungwe lachoka m'manja mwa kampani n'kulowa m'manja mwa munthu. CiviCRM, SuiteCRM ndi EspoCRM zinalembedwa m'chinenero cha makompyuta cha PHP, pamene Odoo ndi ERPNext zinalembedwa mu Python. Zinenero ziwirizi n'zofala pakati pa achinyamata ophunzira za makompyuta, koma kudziwa chinenero sikufanana ndi kudziwa pulogalamuyo. Katswiri asonyeze ntchito imene anagwirapo kale. Komiti ionenso ngati pulogalamu ikutulutsabe zokonza, pakuti ilipo ina yotseguka imene eni ake anaisiya kalekale.

Chinsinsi cha olembedwa

Kaundula wa bungwe lachifundo amasunga zinthu zimene munthu sangazinene pabwalo: matenda, ulumali, umasiye, nkhanza za m'banja ndi umphawi wa pakhomo. Buku la mu ofesi limaonedwa ndi amene walitsegula yekha, koma kaundula wa pakompyuta angakopedwe yense m'kamphindi n'kufalikira pa WhatsApp.

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 linawonjezera mphamvu pa ufuluwu, ndipo linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira. Mwa zina, lamuloli limafuna kuti zokhudza munthu zitengedwe pa chifukwa chomveka ndi chovomerezeka, zisapitirire zofunikazo, zisungidwe motetezeka, ndiponso kuti mwini wake athe kuziona ndi kukonzetsa zolakwika. Lili ndi mfundo zapadera pa zaumoyo ndi za ana, komanso pa kutumiza zoterezi kunja kwa dziko, zomwe zikukhudza bungwe lililonse lobwereka seva yakunja. Lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi nalo limateteza chinsinsi cha zotsatira za magazi a munthu.

Pa chifukwa chimenechi, pulogalamu yosankhidwa ikhale yotha kugawa zilolezo. Msungichuma aone zopereka koma asaone matenda a ana. Wongodzipereka aone makomo a m'dera lake okha. Chilolezo chokopera kaundula yense chikhale ndi anthu owerengeka. Aliyense akhale ndi pasiwedi yake, ndipo wosiya ntchito atsekeredwe tsiku lomwelo. Chitetezo choposa zonse ndi kusalemba zosafunika: ngati bungwe limangogawa mabuku a sukulu, palibe chifukwa chofunsira matenda a mayi wa mwanayo.

Ndondomeko yosankhira

Bungwe lisayambe ndi dzina la pulogalamu. Liyambe ndi kulemba, patsamba limodzi kapena awiri, mafunso amene limalephera kuyankha lero. Mwachitsanzo: ndi ana angati amene fizi yawo ya teremu ikubwerayi sinalipiridwe? Ndi makomo ati amene sanayenderedwe miyezi itatu? Ndani anapereka chaka chatha koma chaka chino sanapereke? Polemba mafunsowa pakhale mlembi, msungichuma ndi oyenda m'midzi, chifukwa iwo ndiwo adzagwiritse ntchito kaundulayo tsiku ndi tsiku.

Kenaka lisankhe mapulogalamu awiri kapena atatu n'kuwayesa kwa milungu ingapo ndi maina ongopeka, osati a anthu enieni. Oyesa akhale antchito a bungwe, pa mafoni ndi netiweki zimene ali nazo, osati katswiri pa kompyuta yake yamphamvu m'tauni. Pulogalamu imene mlembi walephera kulembamo khomo latsopano payekha ataphunzitsidwa tsiku limodzi idzasiyidwa, ndipo anthu adzabwerera ku buku lija.

Asanasamutse maina enieni, bungwe liyambe lawayeretsa: kuchotsa obwerezedwa, kusonyeza omwalira ndi osamuka, ndi kugwirizanitsa kalembedwe ka midzi. Zolakwika zolowa m'kompyuta sizikonzeka zokha; zimangooneka ngati zoona. Kusamukaku kuyambe ndi ntchito imodzi kapena mudzi umodzi, buku likugwirabe ntchito pambali, mpaka ziwerengero za mbali ziwirizi zitagwirizana.

Mgwirizano ndi katswiri ulembedwe, ndipo unene momveka kuti akaunti ya seva, dzina la webusayiti ndi mapasiwedi aakulu zili m'dzina la bungwe, osati la katswiri kapena la wantchito mmodzi. Anthu awiri a m'bungwe akhale ndi makiyi onse. Makope a kaundula azipangidwa tsiku lililonse ngati n'kotheka, n'kusungidwa motetezeka kumalo ena osiyana ndi seva, ndipo kamodzi pakanthawi bungwe liziyesa kubwezeretsa kaundula kuchokera pa kopeyo kuti litsimikize kuti imagwiradi ntchito. Lisanasaine, lionetsedwenso mmene lingatulutsire maina onse m'mafayilo otsegulika pa Excel. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kaundula amene bungwe silingathe kumutulutsa lokha si wake.

Si bungwe lililonse lofunika CRM

Gulu la m'mudzi losamalira makomo makumi atatu, lopanda kompyuta ndi magetsi, silinalakwe kanthu posunga buku. Buku lolembedwa mwaukhondo, losungidwa mokhoma, lokhala ndi kope yachiwiri kwa msungichuma, limaposa pulogalamu yodula imene palibe akuitsegula. Bungwe lokulirapo pang'ono lingakwanitse ntchito yake ndi KoboToolbox ndi mndandanda umodzi wa pakompyuta wosamalidwa ndi munthu mmodzi. CRM imayamba kufunika pamene olembedwa afika mazana ambiri, olemba ali angapo, ntchito zili zingapo pa anthu omwewo, ndipo malipoti akupita kwa opereka thandizo osiyanasiyana.

Mabungwe ang'onoang'ono oyandikana angathenso kugwirizana kulipira katswiri mmodzi ndi maphunziro amodzi, aliyense akusunga kaundula wake payekha. Kugawana mtengo n'kwabwino, koma kugawana maina a anthu popanda chilolezo chawo n'kuphwanya chinsinsi.

Mbali ya anthu a m'wodi

Munthu aliyense amene akulembedwa ali ndi ufulu wofunsa kuti dzina lake likupita kuti, adzaliona ndani, lidzasungidwa mpaka liti, ndipo cholakwika chingakonzedwe bwanji. Kufunsa kotere si mwano, ndipo bungwe loyenda m'chilungamo limayankha mosanyinyirika. Kholo kapena womulera afunsidwe asanalembe za mwana. Munthu asapereke chiphaso chake cha unzika kwa wobwera m'mudzi amene sanadzere kwa mfumu ndi komiti ya chitukuko, ndipo pasiwedi ya Mpamba kapena Airtel Money siifunika pa kalembera wa mtundu uliwonse.

Makomiti a VDC ndi ADC, pamodzi ndi makhansala, angathandize pofunsa mabungwe ogwira ntchito m'dera lawo mafunso ochepa pamisonkhano: kaundula akusungidwa kuti, makiyi ali ndi yani, ndalama zomusamalira zikuchokera kuti, ndipo pulojekiti ikadzatha maina a anthu adzaperekedwa kwa yani kapena adzafufutidwa motani. Makomitiwa safunika kuona maina a odwala kapena nkhani za m'mabanja; ziwerengero za mudzi ndi mudzi n'zokwanira kusonyeza kumene thandizo launjikana ndi kumene silinafike. Amene ali ndi dandaulo pa kasungidwe ka zomukhudza ayambe wakaonana ndi atsogoleri a bungwelo, ndipo ngati sanathandizidwe, apite nalo kwa khansala wa wodi yake kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo.